Tiwalole alendo azigwira makorali ndi zigoba zosachedwa kusweka?

Nangozo:
Moni nonse pagulu pano. Kumyuziyamu komwe ndimagwira ntchito atipatsa chipinda choti tikonzemo chionetsero cha zamoyo za m'nyanja zamchere, ndipo abwana anenetsa kuti akufuna choti alendo azigwira ndi manja, osati kumangosuzumira pagalasi. Koma katundu amene tili naye ndi wosachedwa kusweka: makorali ouma (mafupa onga miyala omangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja) a nthambi zopyapyala, zigoba za sea urchin (kanyama kozungulira ka minga) zoti ukangofinya pang'ono zaphwanyika, siponji imodzi ya m'nyanja ya mtundu uja amati Venus flower basket, ndi mabotolo a nyama zofewa monga ma jellyfish ndi ma squid omizidwa m'mankhwala. Ndikaganiza za kalasi yonse itakhamukira m'chipindamo, mtima ukungoti myuu. Amene munachitapo zoterezi, munayambira pati?

aMbewe:
Achemwali, yambani mwasiyanitsa katunduyo. Zina zili ndi kapepala konena kumene zinatoledwa, tsiku, kuya kwa madzi ndi dzina la wotola. Zimenezo ndi umboni. Wofufuza wa zaka 50 zikubwerazi adzafuna kudziwa kuti korali uyu ankamera pati madzi asanatenthe, ndipo akadzapeza zidutswa zokhazokha adzakutukwanani muli kumanda. Zisatuluke zimenezo. Zina zilibe kapepala kalikonse, munthu anangobwera nazo m'katoni n'kunena kuti malemu anasiya izi. Zimenezo ndiye za manja. Mamyuziyamu ambiri amasunga dala gulu lachiwirili akudziwa kuti lidzatha, ndipo likatha palibe amene amalira.

Za m'mabotolozo musayerekeze n'komwe kutsegula. Zambiri zimayamba zalimbitsidwa ndi fomalini kenako n'kusamutsidwira mu ethanol wa 70 peresenti. Mu 2004 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika formaldehyde, yemwe ali mu fomaliniyo, m'gulu la zinthu zomwe zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo ethanol sachedwa kugwira moto. Ku Museum für Naturkunde ku Berlin ali ndi mabotolo 276,000 okhala ndi malita 81,880 a mowa umenewu. Anawamangira chipinda cha makoma a galasi chomwe chinatsegulidwa mu 2010, alendo amangozungulira kunja kwake. Ngati iwo ndi ndalama zawo zonsezo sanalole chala, nanga inu?

Kondwani:
Abwana akuti agwire, aMbewe akuti asagwire. Achemwali, pemphani tchuthi basi 😂

aMbewe:
Werenganinso bwino achimwene. Sindinati asagwire. Ndati asagwire zokhala ndi kapepala.

Mayi a Tadala:
Ine ndimaphunzitsa ana osaona, ndiye nkhaniyi ndimaionera mbali ina. Mukamva "kugwira" ambiri mumaganiza za kusangalatsa ana otakataka. Kwa ana anga, chipinda cha magalasi okhaokha ndi chipinda chopanda kanthu. Tinapitapo kumyuziyamu ina, sinditchula dzina, wotiyendetsa n'kumati "apa mukuona korali wokongola", ana akungosisita galasi lozizira. Pobwerera mwana wina anandifunsa ngati makorali onse amakhala osalala choncho.

Komanso nkhaniyi si yachilendo ayi. Mu 1913 John Alfred Charlton Deas, yemwe ankayang'anira myuziyamu ya ku Sunderland ku England, anaitana ana a sukulu ya osaona kuti adzagwire zinthu za m'myuziyamuyo, kenako anaitananso akuluakulu. Zithunzi zake zilipo, ena akupapasa walrus, chinyama cha m'nyanja cha mano aatali. Ndipo aMbewe, poti mwatchula ofufuza, mukumudziwa Geerat Vermeij wa ku University of California, Davis. Anasiya kuona ali ndi zaka 3, koma ndi mmodzi wa akatswiri odziwika kwambiri pa nkhani ya zigoba za nkhono za m'nyanja. Zala zake n'zimene zimapeza zipsera pomwe nkhanu inayesa kuswa chigoba, nkhono n'kupulumuka n'kumatanso pamalopo. Akanamuuza ali mwana kuti zigoba sagwira, sayansi imeneyo ikanachokera kuti?

aMbewe:
Mayi, pamenepo sindikutsutsani. Ndipo kunena zoona, ana anu sindiwaopa. Amagwira modekha, chala chimodzichimodzi. Amene amandiswera zinthu ndi bambo wamkulu amene akufuna kuonetsa anzake kuti chinthucho ndi cholimba bwanji.

Chikondi:
Madala, zonsezi zinatha ndi pulinta ya 3D. Chenicheni chikhale m'galasi, pambali pake muike chosindikiza, chikasweka mwasindikizanso. Simufunikanso kukhala ndi sikana yanuyanu. Pulojekiti ya oVert, yomwe inayamba mu 2017 motsogozedwa ndi Florida Museum, inajambula ndi makina a CT zamoyo za msana zoposa 13,000, nsomba zambirimbiri zili momwemo, ndipo mafayilo ali pa intaneti pa tsamba la MorphoSource. A mamyuziyamu a Smithsonian ku America nawo mu February 2020 anatsegulira aliyense zinthu pafupifupi 2.8 miliyoni zoti atenge ulere, kuphatikizapo za 3D, makorali alimo. Zanu zomwe muli nazozo mungathe kuzijambula ndi foni zithunzi zambiri mozungulira, pulogalamu n'kuzilumikiza.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kukulitsa. Tizamoyo ngati foraminifera ndi radiolaria n'tating'ono moti sungatigwire ngakhale atakulola. Koma ukakulitsa kamodzi kufika podzaza dzanja, mwana amalowetsa chala m'zipinda zake. Galasi silingachite zimenezo, ngakhale chenichenicho sichingachite.

Mayi a Tadala:
Za kukulitsazo mwalasa, achimwene. Koma poti "zonsezi zinatha", ayi, imani kaye. Pulasitiki amanamiza zala. Tinapatsidwapo chigoba chosindikiza, maso akuona ngati chenicheni, penti yake yabwino zedi. Mtsikana wina anayendetsa chikhadabo pamwamba pake n'kuyamba kuwerenga timizere, akusangalala kuti wapeza mmene nkhonoyo inkakulira. Timizereto sitinali ta nkhono, tinali ta pulinta, momwe imasanjikizira pulasitiki. Munthu woona sangatizindikire n'komwe, koma kwa iye ndi timeneto tinali nkhani yonse. Nditamupatsa chenicheni anangoti zii kwa kanthawi, kenako akuti, "Ichi chikuzizira, ndipo chikulemera kumutu kuno." Kulemera, kuzizira, kulira kwake ukachigogoda, kusalala kwa mkati mosiyana ndi kunja, pulinta sikupatsa zimenezo.

Chikondi:
Timizereto timachoka. Mapulinta a resin amatulutsa zosalala kwambiri, ndipo ukhoza kupalanso.

Mayi a Tadala:
Ukapala wachotsanso timinga tenitenito. Tayesani kusindikiza khungu la shaki. Khungu limenelo lili ndi timamba topangidwa ngati mano, tonse toloza kumchira. Ukasisita kuchokera kumutu dzanja limangotsetsereka, ukabwerera m'mbuyo limakukanda ngati sandipepa. Kachidutswa kouma kang'onong'ono komatidwa pathabwa kamaphunzitsa zimenezo m'kanthawi kochepa, ndipo n'kolimba. Ine sindikukana zosindikiza. Ndikuti chosindikiza chiphunzitse maumbidwe a chinthu chonse, pambali pake pakhale kachidutswa kenikeni kophunzitsa khungu ndi kulemera. Ndipo muzimuuza munthu chimene wagwira, kuti ichi n'chopanga, ichi n'chenicheni.

Nangozo:
Izi ndalemba. Ndiye kuti nthambi za korali zimene zinathyoka kale zija, zomwe ndimaziona ngati zinyalala, ndi chuma eti? Nanga ma jellyfish? Amene ali m'botolowa anachita kufota, oyera mbee, ngakhale kuyang'ana kwenikweniko sakupatsa chidwi.

Malume a Yankho:
Pepani ndilowerere, nkhani ya jellyfish ndimaikonda. Vuto lanulo linasautsa anthu kalekale. Jellyfish ndi madzi pafupifupi 95 peresenti, alibe fupa, alibe chigoba. Ukamuika mu mowa amakwinyika n'kutaya mtundu, ukamuumitsa satsala kanthu. Zimenezi n'zimene zinatchukitsa Leopold Blaschka ndi mwana wake Rudolf, amisiri a galasi a ku Dresden. Mu 1853 Leopold ali pa ulendo wa ku America, sitima yawo inaima pafupi ndi zilumba za Azores chifukwa mphepo inaleka, iye n'kumatha nthawi akujambula zamoyo zowala zimene ankaziona m'madzimo. Mu 1863 anapangira myuziyamu ya ku Dresden ma sea anemone (nyama zofewa zooneka ngati maluwa) a galasi, ndipo kuchokera pamenepo maoda anayamba kubwera kuchokera m'mayiko ambiri. Yunivesite ya Cornell yokha inagula 570 mu 1885. Anasiya za m'nyanjazi mu 1890 atasaina mgwirizano woti azipangira Harvard maluwa a galasi basi.

Tsono taonani mmene zinatembenukira. Zinthu zimenezi anazipanga kuti zilowe m'malo mwa zamoyo zosasungika, aphunzitsi azinyamula kupita nazo m'kalasi. Lero ndi zimenezo zomwe zikusungidwa mosamala kuposa china chilichonse. Zambiri za ku Cornell zinapezeka zitathyokathyoka, ndipo akatswiri a ku Corning Museum of Glass akhala akuzikonza, n'kuzionetsa mu 2016. Chofanizira chasanduka chosagwirika kuposa mwini wake. Ena tsopano akuzijambula mu 3D kuti anthu azizitembenuza pakompyuta. Chofanizira cha chofanizira!

Kondwani:
Malume, ndiye pulasitiki wa Chikondi nayenso adzalowa m'galasi mu 2150?

Chikondi:
Ndisaina pansi pake kuti adzandidziwe 😄

Malume a Yankho:
Kubwerera ku funso lanu, mayi. Njira ina ndi ija ya Gunther von Hagens ya mu 1977, yochotsa madzi ndi mafuta m'thupi n'kulowetsamo pulasitiki. Ku Paris ali ndi squid wamkulu wotchedwa Wheke, wochokera ku New Zealand, yemwe anakonzedwa mwanjira imeneyi n'kuonetsedwa mu 2008. Koma ndi ntchito yodula ndiponso yotenga nthawi, si ya chipinda chimodzi ngati chanucho. Enawo anangovomereza kuti squid wawo akhala m'madzi. Archie wa ku Natural History Museum ku London, wotalika mamita 8.62, wogwidwa kufupi ndi zilumba za Falkland mu 2004, ali m'thanki ya fomalini ndi madzi a mchere, ndipo umakamuona pokhapokha uli ndi wokuyendetsa. Wa kumyuziyamu ya Te Papa ku Wellington, New Zealand, wolemera makilogalamu 495, anamuika m'thanki yogona pansi yoti uweramirepo. Palibe amene akumugwira, koma ukhoza kuika nkhope yako pafupi ndi ngowe za m'mikono yake.

Ine ndikanakhala inu, ma jellyfish a m'botolo ndikanawasiya momwemo, kumbuyo kwake n'kuikako nyale ndi nsalu yakuda kuti timitsempha tioneke. Pambali ndikanaika woumbidwa ndi silikoni wofewa, m'beseni la madzi, kuti dzanja limve kuterera ndi kusowa fupa kuja.

Nachisale:
Ndakhala ndikungowerenga. Palibe amene watchula zamoyo zenizeni, ndiye ndiyambe ndine abwana anu asanaganize zimenezo, chifukwa adzaganiza ndithu. Ndinagwirapo ntchito pa dziwe loti alendo azigwira starfish (nyama yooneka ngati nyenyezi) ndi anzake. Ana amasangalala, zimenezo n'zoona, ndipo nkhope ya mwana pamene timiyendo ta starfish tagwira chala chake siiwalika. Koma ndi ntchito yolemetsa kuposa mmene imaonekera. Aliyense ayambe watsuka m'manja ndi madzi okha, chifukwa mafuta odzola, sopo ndi sanitaiza zimapweteka nyamazo. Zala ziwiri zokha, osafinya, osatulutsa m'madzi. Starfish amapumira pakhungu ndi m'timiyendo take, ndiye kumukweza m'mwamba kuti ajambulidwe ndi kumubanikitsa. Dziwe likhale ndi mbali yoti dzanja silifika kuti nyama yotopa ithawireko, ndipo zizisinthana, zina zikupuma kuseri. Ndipo pakhale munthu woimirira pomwepo nthawi zonse. Akangopita kukamwa madzi, wapeza wina wabaya sea anemone ndi cholembera.

Choopsa kwambiri si manja n'komwe, ndi makina. Mu July 2015 ku Brookfield Zoo, kufupi ndi Chicago, nsomba za ray 54 za m'dziwe logwira zinafa mpweya wa okosijeni utatsika m'madzi. Ngati kumeneko zinachitika, myuziyamu yopanda katswiri wa madzi ndi magetsi odalirika isayambe n'komwe. Zigoba zikasweka mumasesa. Izi zimafa.

Nangozo:
Achemwali mwandipulumutsa, chifukwa dzulo lomweli anafunsa ngati kathanki kangakwane pakona. Ndiwawerengera uthenga wanuwu mmene ulili.

Kondwani:
Funso la munthu wosadziwa: bwanji osangogula zigoba ndi makorali zambiri kwa ogulitsa zokongoletsa? Zikasweka mwagula zina.

aMbewe:
Ayi achimwene, pamenepo ndiye pali msampha. Zigoba zonyezimira za m'malo amenewo zambiri sizinatoledwe pamchenga, zinatengedwa nyama ili moyo, n'chifukwa chake zili zosapalika. Myuziyamu yophunzitsa kusamala nyanja isakhale kasitomala wa malonda amenewo. Komanso pali lamulo. Makorali olimba ndi nkhono zikuluzikulu za Tridacna zili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zomwe zili pangozi, ndipo nautilus, nyama ina ya chigoba, anawonjezeredwapo pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Kuzidutsitsa malire popanda chilolezo ndi mlandu. Njira yabwino ndi kulembera akuluakulu oona za nyama zakutchire ndi a kasitomu. M'mayiko ambiri katundu wolandidwa pa malire amabwereketsedwa kwa ophunzitsa. Zinafa kale, zilibe kapepala ka sayansi, ndipo zimabwera ndi nkhani yake yoti muwauze alendo.

Ndiwonjezere chinthu chimene anthu amaiwala ali kalikiliki kuopa zala. Mdani wina wa zigoba ndi kabati. Matabwa ena, makamaka oak, komanso matabwa oumba a guluu, amatulutsa mpweya wa asidi. Ukakumana ndi chinyezi umadya chigoba, pamwamba n'kumera ufa woyera ngati nkhungu, pansi pake pali zibowo. Loftus Byne anazifotokoza mu 1899, iye akuganiza kuti ndi tizilombo, ndipo mpaka pano amati matenda a Byne ngakhale zinadziwika kuti ndi asidi. Ndaonapo madirowa athunthu atatha choncho popanda munthu ndi mmodzi yemwe kugwirapo. Tsono mukamauza kalipentala za matebulo, nkhani ya thabwa ndi penti isakhale yake yekha.

Mayi a Tadala:
Mwamva aMbewe avomera okha kuti kabati imawononga kuposa ana anga.

aMbewe:
Ndavomera, mayi, musachite kulengeza.

Nangozo:
Chatsala ndi siponji ija ndi ma sea urchin. Wina anandiuza kuti zigoba za urchin ndizithire pulasitala mkati kuti zilimbe.

Mayi a Tadala:
Mukathira zonse mwapha phunziro. Chodabwitsa cha chigoba chimenechi ndi kupepuka kwake. Mwana amachiika pachikhatho n'kufunsa kuti kanthu kopepuka chonchi kamapirira bwanji mafunde. Thirani chimodzi kapena ziwiri zoti azipapasa timatuza tomwe minga inamerapo ndi mizere ya tibowo ta miyendo, koma chimodzi chisiyeni chopanda kanthu, chizituluka pamene pali wantchito, n'kumachiika yekha m'dzanja la munthu. Chidzasweka tsiku lina, inde. Musadzamukalipire mwanayo. Tolani zidutswazo mumuonetse mmene timbale take talumikizirana, chifukwa mkatimo simuoneka chikakhala chathunthu.

aMbewe:
Zoti zizipapasidwa tsiku ndi tsiku mungazipake guluu wa m'mamyuziyamu wotchedwa Paraloid B-72 wosungunula pang'ono. Amalowa n'kulimbitsa, ndipo amachoka ndi acetone mukafuna. Musapake vanishi wa matabwa, amasanduka wachikasu ndipo sachokanso.

Siponji ija ndiye ayi, isakhudzidwe, ndipo apa ndikuteteza mlendo osati siponji yokha. Mafupa ake ndi silica, galasi lenileni lolukana, ndipo tizingwe take tikathyoka timalowa m'khungu. Koma kusagwira si kutalikira. Itsekereni m'chubu cha acrylic cholimba, muimange bwino mkatimo kuti isagwedere, chubucho muchiike pa chitsulo choti munthu azichizunguza yekha, pafupi pakhale galasi lokulitsa ndi katochi. Muunikenso mkati mwake musanatseke. Masiponji amenewa nthawi zambiri mumakhala tinkhanu tiwiri ta shrimp, tatimuna ndi tatikazi, tomwe timalowa tili tating'ono n'kukulira momwemo mpaka kulephera kutuluka. Ngati zotsalira zake zilimo, muli ndi chinthu choti anthu aziima pamzere. Ena amamiza zoterezi mu resin kuti zikhale chibuma chogwirika, koma dziwani kuti chikalowa mmenemo chalowa, sichidzatulukanso.

Chikondi:
Siponji imeneyo ndiye ntchito yanga tsopano. Kuluka kwake ndikhoza kukukulitsa kuti zala zizilowa m'mabowo. Mayi a Tadala, pamenepa mundilola?

Mayi a Tadala:
Ndakulolani, bola mulembepo kuti mwakulitsa kangati, m'zilembo wamba ndi za braille zomwe. Mwana wosaona akagwira chinthu chachikulu ngati mkono wake amapita kwawo akudziwa kuti ndi mmene chilili. Pambali muike kandodo kotalika ngati siponji yeniyeniyo kuti ayerekeze.

Nangozo, musanakhomere chilichonse patebulo, itanani ana ochepa osaona ndi munthu wa pa njinga ya olumala adzayese zinthu zili zongoyala. Muona nokha kuti tebulo latalika, kapena kuti mwaika chobaya pomwe dzanja limayambira kufufuza. Matebulo akhale ndi kamlomo m'mphepete ndi kansalu kofewa pansi, zinthu zisamagubuduke.

Nachisale:
Muikenso chinthu chimodzi chachikulu cholimba pakhomo penipeni, monga fupa la msana wa nangumi ngati muli nalo. Ana amafika ndi mphamvu zambiri, azithere pamenepo asanafike pa zosalimbazo. Kungoti mafupa a anangumi amatha kuchucha mafuta kwa zaka zambiri, ndiye mulinunkhize kaye musanalitulutse.

Nangozo:
Lilipo limodzi, timatsekera chitseko cha kosungira katundu, aMbewe musakomoke. Mawa ndiyamba kutsegula makatoni n'kupatula zokhala ndi timapepala. Pa zolemba ndikuganiza zoika kachizindikiro kotukuka pa chilichonse, kozungulira ngati n'chenicheni, ka ngodya zinayi ngati n'chopanga, kuti chala chizidziwa chisanawerenge.

aMbewe:
Fupalo mulichotse pachitseko lero lomwe, ndipo muyang'ane ngati lili ndi nambala yolembedwa ndi inki. Ngati ilipo, mukaifufuze m'kaundula musanalipereke kwa ana.

Chikondi:
Achemwali, siponjiyo foni siijambula bwino chifukwa ndi yoyera komanso ya mabowo okhaokha, pulogalamu imasokonezeka. Ndiyamba ndafufuza ngati wina anaijambula kale ndi CT. Inu mungonditumizira kutalika kwake ndi kukula kwa kukamwa kwake mu masentimita. Urchin ndiye mujambule, pansi pakhale pepala la madonthomadontho, popanda flash, ndipo muzizungulira inuyo, chigobacho chisasunthe.